Kelly's Heroes inakuseketsani kenako mtima nkuwawa? Munaionera bwinobwino

Achimwene ena andifunsa funso lomwe landifika pamtima, ndingolifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndaonera filimu yakalekale ija ya Kelly's Heroes chifukwa amalume anga amaitama kuti palibenso ya nkhondo yoposa imeneyi. Kuseka nde ndaseka, makamaka mkulu wandevu woyendetsa kasinja uja, koma pena ndimapezeka ndikuchita manyazi ndi kuseka kwangako chifukwa anthu akufa ngati nkhuku za chitopa uku kukulira nyimbo yosangalatsa. Agogo anga anamenya nawo nkhondo yomweyi ku Burma ndipo sankaisimba moseka. Pano sindikudziwa ngati ndaikonda kapena ayi. Kodi ndine amene sindinaimvetse, kapena filimuyo ndi imene ili ndi vuto?"

Achimwene, munaimvetsa. Ine filimu imeneyi ndaionera kambirimbiri ndipo mpaka lero ndikamaliza ndimakhala ndi mitima iwiri ngati inuyo, kusiyana kwake nkongoti pano ndikudziwa komwe mitima iwiriyo ikuchokera. Filimuyi thupi lake ndi la 1944 koma mtima wake ndi wa 1970, ndipo anthu amene anaipanga nawonso sanagwirizane kuti akupanga chani kwenikweni. Zimene munamva mmimbazo ndi msoko wa zinthu ziwirizi, pomwe sanasoke bwino.

Kwa amene sanaionere, nkhani yake ili chonchi. Ndi September 1944, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a America ali kufupi ndi mzinda wa Nancy ku France, akukankhana ndi Majeremani. Kelly, yemwe ndi Clint Eastwood, agwira mkulu wina wa asilikali a Germany, amumwetsa mowa mpaka mkuluyo kuulula kuti mu banki ina mtauni ya Clermont, mamailosi 30 mkati mwa dera la adani, muli zidutswa 14,000 za golide zokwana 16 miliyoni dollars. Nde Kelly akopa anzake omwe apatsidwa masiku atatu opuma kuti mmalo mogona mmatope apite akathyole bankiyo. Akokeramo Big Joe sajeni wawo, yemwe ndi Telly Savalas, Crapgame katswiri wa madilu wa ku stolo ya asilikali, yemwe ndi Don Rickles, ndi Oddball wandevu uja mumamunenayu, Donald Sutherland, amene ali ndi akasinja atatu a mtundu wa Sherman ongokhala chifukwa bwana wawo anafa ndipo iye sanakanene kulikonse. Bankiyo ikulonderedwa ndi akasinja atatu a Majeremani a mtundu wa Tiger. Basi nkhani ndi imeneyo, anthu akupita kukaba pakati pa nkhondo.

Tsopano tiyambe ndi Oddball yemweyo chifukwa ndi iye kiyi wa zonse. Munthu ameneyu mu 1944 kunalibe. Ndevu zija, kayankhulidwe kozizira kaja ngati wangodzuka kumene, kumwa wayini ndi kudya tchizi padzuwa anzake akumenyana, kumangodzudzula makaniko wake Moriarty kuti asiye maganizo oipa chifukwa akuononga mwayi, ameneyo ndi mnyamata wa ku America wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, aja ankawatchula kuti mahipi, achinyamata osunga tsitsi ndi ndevu okana nkhondo, olalikira za mtendere ndi chikondi. Filimuyi anaijambula mu 1969, chaka chomwe kunachitika chisangalalo chachikulu cha nyimbo cha Woodstock, ndipo inatuluka mu June 1970. Ganizirani amene anali mu holo kuonera nthawi imeneyo. America inali italowa mpaka mkhosi mu nkhondo ya ku Vietnam, mu 1969 asilikali ake kumeneko anali oposa 500,000, pakati pawo anyamata ambirimbiri ochita kukakamizidwa ndi lamulo. Mu November 1969 dziko linamva za ku My Lai komwe asilikali a America anapha anthu wamba mazanamazana, amayi ndi ana omwe. Pa 4 May 1970, patangotsala masabata ochepa kuti filimuyi ituluke, asilikali a boma anawombera ndi kupha ophunzira 4 pa yunivesite ya Kent State ku Ohio pa zionetsero zokana nkhondo. Nde mnyamata amene kalata yomuitana ku usilikali ikhoza kumupeza tsiku lililonse, akuona pa sikilini asilikali akunena kuti ngati nkufa bola tifere mthumba mwathu osati tifere nyota za pa phewa la jenerali, kwa iye sizinali nthabwala wamba. Kunali kupuma. Sutherland mwiniwake, yemwe anali wa ku Canada ndipo anamwalira mu June 2024, anali mmodzi wa osewera omwe ankatsutsa nkhondo ya Vietnam poyera, ndipo chaka chomwecho cha 1970 anali atatuluka kale mu M*A*S*H, filimu ina yoseka nkhondo, iyo ya ku Korea. Kunali kovuta kupanga filimu yonena za Vietnam mwachindunji nkhondoyo ili mkati, nde opanga mafilimu amabwereka nkhondo zakale nkuyankhuliramo za lero lawo.

Nyimbo zomwe zinakusowetsani mtendere zija nazonso nzadala. Ija yoyamba ndi yomaliza, Burning Bridges, anaimba ndi gulu la Mike Curb Congregation, ndi nyimbo yofewa ya pa wailesi ya 1970 yoti ilibe chochita ndi 1944. Ija imalira pa mkuzamawu wa kasinja wa Oddball akamalowa pa siteshoni ya sitima anaimba ndi Hank Williams Jr., munthu woti anabadwa mu 1949, nkhondoyo itatha kalekale. Wokonza nyimbo zonse anali Lalo Schifrin wa ku Argentina, katswiri weniweni woti sakanalakwitsa zaka mwangozi. Amafuna kuti khutu lanu lizikukumbutsani kuti nkhani ikukambidwayi si ya makolo okha.

Ndiye funso lofunika pa filimu iliyonse yoseka za nkhondo ndi lakuti, akusekedwa ndani? Apa ndi pomwe ine ndimaiikira kumbuyo Kelly's Heroes. Yang'anani bwino. Kaputeni Maitland, bwana wa gulu la Big Joe, anyamata ake ali mmatope iye ali bize ndi boti lomwe wapeza, akufuna kupita nalo ku Paris, ndipo palibe angamukhudze chifukwa ndi mphwake wa jenerali. Mulligan wowombera mizinga amangophulitsa anzake omwe mmalo mwa adani. Ndege ya America yomwe imaphulitsa magalimoto a Kelly ndi anzake poganiza kuti ndi Majeremani. Kelly mwiniwake anali lefutenanti, anamutsitsa udindo chifukwa analamulidwa kuukira malo olakwika, anthu anafa, akuluakulu nkufuna wina woti asenze mlandu. Kenako pali Jenerali Colt, Carroll O'Connor, amene kwa ine ndi nthabwala yaikulu ya filimu yonse: ali kutali ndi zipolopolo, akumvetsera pa wailesi ya asilikali mmene anthu akuwolokera mtsinje ndi kuthyola mzere wa adani, akudumphadumpha ndi chimwemwe kuti awa ndiye amuna okonda dziko lawo, akunyamula mamendulo kuti akawapatse, osadziwa kuti ndi akuba akuthamangira banki. Zimene malamulo ake onse analephera kwa masabata, dyera lazichita mmasiku awiri. Oimba bandi, okumba manda, omanga milatho, onse alowa nawo atangomva fungo la golide. Pamenepa filimu ikunena chinthu cholemera ndithu, kuti mawu akuti ngwazi nthawi zambiri amachokera kwa munthu amene sanaone zomwe zinachitika, ndipo ngakhale dzina la filimuyo lili ndi nkhani yomweyo mkati. Zonsezi mukhoza kuseka ndi mtima woyera, chifukwa chala chikuloza mmwamba, kwa odya bwino pa nkhondo.

Ndipo msilikali wamba akafa, filimuyi siseka. Mukumbukire pamene akudutsa mmunda wapansi pake podzaza mabomba okwirira. Mmodzi aponda bomba, basi wapita. Enawo ayamba kukwawa chamimba akufufuza dothi ndi mipeni pang'onopang'ono, kenako kutulukira magalimoto a Majeremani, anzawo awiri akadali pakati pa munda opanda kothawira, ndipo nawonso aphedwa anzawo akuona. Pamenepo palibe nthabwala ngakhale imodzi, nkhope ya Big Joe imanena zonse, chifukwa iyeyu kuyambira pachiyambi chomwe amafuna nchoti anyamata ake akafike kwawo amoyo. Anthu ambiri amamuiwala Savalas chifukwa Oddball amaba maso, koma mukadzaonerenso muzidzamuyang'ana iyeyu, ndi amene wanyamula chisoni cha filimu yonse. Kukalipa kwake konse kuja ndi kwa kholo.

Ife kwathu kuno kuseka pafupi ndi imfa sichachilendo. Pitani pa maliro kumudzi, adzukulu akamakumba manda amacheza, amanyogodolana, pena kuseka kumene, ndipo palibe amene amati alibe ulemu, chifukwa ndi iwo agwira khasu, ndi iwo anyamula ntchito yowawayo, kusekako nkumene kumawapatsa mphamvu. Koma mlendo wongodutsa atati ayime pamenepo nkuyamba kuseka anamfedwa, aliyense angamuyang'ane ndi diso lina. Asilikali nawo ali ndi nthabwala zawo zotero, ndipo Don Rickles amazidziwa chifukwa anali mu gulu la nkhondo la pamadzi la America pa nkhondo yomweyi. Kelly's Heroes ikakhala pabwino imaseka ngati adzukulu. Vuto ndi lakuti pena imasintha nkuyamba kuseka ngati mlendo uja, ndipo apa ndi pomwe manyazi anu aja ali ndi chifukwa chomveka.

Chitsanzo chachikulu ndi pa siteshoni ya sitima paja. Akasinja a Oddball atuluka mu mphanga ya njanji nyimbo ili pamwamba, nkuyamba kusesa chilichonse, asilikali a Germany akugwa ngati mapira, nyumba zikuphulika, kwa mphindi zingapo ndithu, ndipo kamera ikukondwera nazo. Palibe nkhope ya Mjeremani ngakhale mmodzi yomwe mumaiona ngati ya munthu woti ali ndi mayi ake. Anthu atatu a Kelly akafa filimu imaima nkugwetsa nkhope, koma mbali inayi akafa makumimakumi ndi zokometsera chabe. Ena amati nzadala, akufuna kuonetsa misala ya nkhondo. Ine sindivomereza kwenikweni. Dayirekita wake Brian G. Hutton anali atangopanga kumene Where Eagles Dare mu 1968 ndi Eastwood yemweyo, filimu yoti Majeremani amangogwa osawerengeka, ndipo luso lake lenileni linali limenelo, kuphulitsa zinthu mokongola. Wolemba nkhani Troy Kennedy Martin analemba zoluma, zonyoza nkhondo, koma wogwira kamera amaikonda nkhondoyo mmene imaonekera. Nde mumapeza filimu pakamwa ikuti nkhondo ndi uchitsiru, koma maso ake akunyezimira mizinga ikamalira. Inuyo munamva zonse ziwiri nthawi imodzi, nchifukwa chake munasokonezeka.

Pali chinanso chomwe anthu ambiri sadziwa. Filimu yomwe munaonerayo si yonse yomwe inajambulidwa. Kampani ya MGM nthawi imeneyo inali pamavuto a ndalama, inali ndi bwana watsopano James Aubrey wodziwika ndi kudula mafilimu, ndipo anachotsamo pafupifupi mphindi 20 isanatuluke, nkusinthanso dzina, poyamba imayenera kutchedwa The Warriors. Zina mwa zomwe zinachotsedwa ndi pomwe Kelly ndi Big Joe akhala pansi kukambirana mmene nkhondo yawatopetsera ndi mmene Kelly anamusenzetsera mlandu. Eastwood anadandaula poyera patapita zaka kuti zomwe zinadulidwazo ndi zomwe zimapatsa anthuwo kuya ndiponso kuonetsa bwino uthenga wokana nkhondo. Mukaganiza bwino, nchifukwa chake Kelly amaoneka ngati munthu wouma, wongofinya maso ndi kulamula, osadziwika chomwe chikumudya mkati. Mwini filimu ali ngati mlendo mu filimu yake yomwe. Anachotsa mnofu nkusiya mafupa a kuwomberana ndi nthabwala, komabe filimuyo ndi yaitali maola awiri ndi mphindi zoposa 20, ndipo pakati pake pena imakoka miyendo, zimenezo tisabise.

China chomwe chimapangitsa kuti kusekako kulemere ndi chakuti maonekedwe a filimuyi ndi enieni kwambiri. Ikanakhala yoseweretsa, ya zidole, bwenzi mukungoseka osaganiza kawiri. Koma anakaijambula ku Yugoslavia, dziko lomwe pano kulibe, ndipo tauni ya Clermont ija ndi mudzi wa Vižinada ku Istria, lero ndi mbali ya Croatia. Anapita kumeneko mwa zina chifukwa asilikali a Yugoslavia anali akadali ndi akasinja a Sherman oyenda bwinobwino, omwe anawapeza kuchokera ku America mtsogoleri wawo Tito atakangana ndi Stalin wa Soviet Union mu 1948. Ma Tiger aja si enieni, ndi akasinja a Soviet Union a T-34 omwe anawavala zitsulo kuti afanane, mukayang'ana mawilo mudzaona, koma anawapanga mwaluso moti anthu okonda za akasinja mpaka lero amaitchula filimuyi mwaulemu. Ndipo mantha omwe Oddball amaonetsa akamva kuti kuli ma Tiger ndi a zoona. Tiger inali ndi mzinga wa 88mm ndi chitsulo chochindikala kutsogolo, Sherman kuti iphe Tiger imayenera kuzemba nkuimenya chakumbuyo kapena mmbali, ndi zomwe amachita mtauni muja, akuliza belu la tchalitchi kuti phokoso la injini lisamveke. Germany inapanga ma Tiger oyambawo pafupifupi 1,350 okha pomwe America inapanga ma Sherman pafupifupi 50,000, kupambana kwake kunali kwa kuchuluka, ndipo anyamata okhala mkatimo amadziwa tanthauzo la zimenezo pa moyo wawo. Nde matope ndi enieni, zitsulo ndi zenizeni, mantha ndi enieni, kenako pakati pomwepo kasinja awombera chipolopolo cha penti mmalo mwa bomba. Ubongo umasowa kuti ugwire ziti. Kujambulako nakonso sikunali kwa masewera, Sutherland anadwala matenda oumitsa khosi ali komweko mpaka anatsala pang'ono kufa.

Tsopano mathero, omwe kwa ine ndi pabwino kwambiri komanso povuta kwambiri pa filimu yonse. Ma Tiger awiri aphedwa, yatsala imodzi yaima pakhomo pa banki penipeni, Sherman ya Oddball yafa injini. Crapgame ali gone wavulala, ndiye apereka nzeru ya munthu wa bizinesi, kuti bwanji mungokambirana naye. Kelly, Big Joe ndi Oddball ayenda atatu mumsewu wopanda munthu kulunjika kasinjayo, manja pafupi ndi mfuti, nyimbo nkusintha kukhala ngati ya mafilimu a makauboyi aja Eastwood anatchuka nawo ku Italy ndi Sergio Leone pakati pa 1964 ndi 1966. Oonera a 1970 apa amafa nako kuseka chifukwa amadziwa kuti Eastwood akusewera ndi mbiri yake yomwe. Mjeremani atuluka, amuuza chomwe akulondera, chomwe mabwana ake sanamuuze nkomwe, ndipo posakhalitsa mzinga wa Tiger utembenuka nkuphulitsa chitseko cha banki. Agawana golide, aliyense njira yake. Ganizo lake ndi lokongola ndithu: anthu wamba a mbali ziwiri azindikira kuti onse akungogwiritsidwa ntchito, ndipo akangoyankhulana nkhondo yawo yatha pomwepo.

Koma achimwene, yang'anani kolala ya yunifolomu ya Mjeremani ameneyo. Ndi wa Waffen-SS, gulu lankhondo la chipani cha Nazi. Miyezi itatu yokha nkhani ya filimuyi isanachitike, pa 10 June 1944, asilikali a Waffen-SS analowa mmudzi wa Oradour-sur-Glane ku France komweko nkupha anthu oposa 640, amayi ndi ana anawatsekera mtchalitchi nkuyatsa moto. Mudziwo mpaka lero anausiya uli bwinja kuti anthu asaiwale. Nde kuti munthu wovala yunifolomu imeneyo achoke ndi thumba la golide ife tikumwetulira, pamafunika kumeza mwala. Filimu imadziwa pang'ono za vutoli, pali kamphindi pomwe mkuluyo akweza dzanja mwa chi Nazi potsanzikana, Kelly nkumuyang'ana mozizira mpaka iye kusintha nkuchita sawasha wamba, koma ndi kamphindi chabe.

Ndipo palibe ngakhale mmodzi mu filimu yonse amene amafunsa kuti golideyu ndi wa ndani. Mbiri yeniyeni imatiuza kuti boma la Hitler linalanda golide wa mabanki a mayiko omwe linawagonjetsa, monga Belgium ndi Netherlands, ndipo mu April 1945 asilikali a America atalowa mu mgodi wa mchere wa Merkers ku Germany anapeza golide wambirimbiri wobisidwa, pamodzi ndi katundu yemwe a SS analanda kwa anthu ophedwa mmisasa yachibalo, mphete ngakhale mano agolide. Filimu imafuna kuti tizimuona golideyo ngati wopanda mwini, ngati ndalama yotola panjira. Apa ndi pomwe kubwereka nkhondo ya 1944 kuti unenere za Vietnam kumaphotchoka, chifukwa nkhondo ziwirizi si zofanana. Mnyamata wa 1970 anali ndi chifukwa chofunsira kuti tikufera chani ku Vietnam. Koma ku France mu 1944 yankho linalipo, kunali anthu mmisasa akudikira kuti wina afike. Mukandifunsa ine, iyi ndi ngongole yomwe filimuyi sinabweze, ndipo ndimaikonda ndikudziwa zimenezo.

Za agogo anu zandikhudza, ndipo mwina simunadziwe kuti nthawi yake ikugwirizana ndendende. Mwezi womwewo wa September 1944 womwe Kelly akuthamangira banki, asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, anali mu 11th East African Division akudutsa chigwa cha Kabaw ku Burma kulowera ku mtsinje wa Chindwin, nyengo ya mvula yosalekeza, mmatope, malungo ali ponseponse, akumenyana ndi asilikali a Japan. Ngati agogo anu anali mgulu limenelo, ndiye kuti pomwe filimuyi ikuseka iwo anali pamenepo. Sindikudabwa kuti sankasimba moseka, ndipo simukuyenera kukakamiza mtima wanu kuti useke pomwe ukukana. Komabe ndikuganiza kuti mbali ina ya filimuyi akanaimva msanga kuposa ife tonse, ija ya msilikali wamba amene amatumidwa kukafa ndi munthu woti dzina lake salidziwa, ulemu nkupita kwa ena. Iwowo anamenya nkhondo ya mfumu ya ku Britain, kutali ndi kwawo, pansi pa maofesala achizungu, malipiro awo osafanana ndi a mzungu, nkubwerera kudziko lomwe linali likadali mmanja mwa atsamunda. Funso la Kelly lakuti nanga ife tipezapo chani, iwo anali ndi ufulu wolifunsa kuposa Kelly. Ndipo muonenso kuti mu gulu lonse la Kelly mulibe munthu wakuda, zomwe zikugwirizana ndi mmene zinalili, asilikali a America nthawi imeneyo anali ogawidwa potengera khungu mpaka pulezidenti Truman analamula kuti zithe mu 1948.

Amalume anu nawonso sakunama ayi. Anthu ambiri amene amaikonda filimuyi anaionera ali achinyamata, pagulu, ndipo chomwe chimatsala mmutu ndi Oddball, akasinja, nyimbo ija ndi chisangalalo choona anthu wamba akuwina kamodzi mabwana ali mtulo. Zimenezo zilimodi ndipo zinapangidwa mwaluso. Osewerawo amagwirizana ngati anakulira limodzi, Savalas ndi Rickles akamakalipirana simungafune kuti asiye, ndipo mphindi 30 zomaliza za mtauni muja zinakonzedwa mwadongosolo loti mumadziwa kasinja aliyense ali pati ndipo ngozi ikuchokera kuti, chinthu chomwe mafilimu ambiri a masiku ano odzaza ndi zopanga pa kompyuta amalephera. Iwo anagwira mbali imeneyo, inu mwagwira mbali zonse ziwiri chifukwa munalowa ndi agogo anu mumtima.

Langizo langa ndi loti muionerenso kamodzi, koma papite kaye masabata angapo, ndipo ngati nkotheka muonere ndi amalumewo. Ulendo uno musatsatire golide, mukudziwa kale komwe athera. Tsatirani Big Joe kuyambira pomwe akukana ulendowo mpaka pomwe akuwerenga anyamata ake atatuluka mmunda wa mabomba muja. Pa siteshoni ya sitima paja yesani kutsitsa voliyumu kwa mphindi imodzi muone zomwe zatsala pa sikilini nyimbo ikachoka, kenako mubwezeretse, mudzamva nokha ntchito yomwe nyimboyo ikugwira pa inu. Ndipo akamadzayenda atatu aja kupita kwa Tiger, mudzaimitse pomwe Mjeremani watulukira, muwafunse amalume ngati anayamba aonapo zilembo zili pa kolala yake, ndi kuti iwo akanakhala Kelly akanamupatsa gawo lake kapena ayi.